AC yanu ikununkha? Siyani pafyumu, funani pomwe madzi aima

Okutobala akafika, rimoti ya AC imaposa ya TV kufunika. Makina amene anangoti phee pakhoma kuyambira mu Meyi amayatsidwa, timapiko take timatseguka, ndipo mphepo yoyamba kutuluka imabwera ndi fungo ngati la sokosi zonyowa zoiwalika m'chikwama sabata yathunthu. Ambiri timangokwinya nkhope, kutenga sipuleyi wonunkhiritsa m'nyumba, kupopera kawiri katatu, basi. Pakatha mphindi khumi mphuno yazolowera, tulo tabwera, ndipo timati vuto latha.

Silinathe. Fungo lija ndi mthenga chabe, ndipo uthenga wake ndi wakuti m'kati mwa makinawo muli madzi amene sakuuma, pamadzipo pamera nkhungu. Sitikunena nkhungu ya m'mawa ija imaphimba phiri la Dedza ayi. Tikunena ija imamera pa buledi wogonera masiku, pa nsapato zachikopa nthawi ya dzinja, kapena pakona ya bafa, yomwe ena amati chuku. Kusiyana kwake n'kwakuti buledi wochita nkhungu mumamuona n'kumutaya, pomwe ya mu AC imabisala kuseri kwa pulasitiki woyera mbee, ndipo ili ndi fani yakeyake yoiuluzira pankhope panu usiku wonse.

Zoona, si nyumba zambiri kuno kwathu zili ndi AC. Koma masiku ano sizachilendonso kuipeza m'nyumba za lendi zatsopano ku Lilongwe ndi Blantyre, m'nyumba za ku Mangochi, Salima, Karonga ndi kuchigwa cha Shire komwe kutentha sikuchita nthabwala, m'maloji, m'masaluni ndi m'maofesi momwe ambiri timathera tsiku lonse. Ngakhale mulibe yanu, mwina mukupuma mpweya wa ya abwana anu.

Makina opanga madzi

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi chinthu chomwe ogulitsa sakonda kufotokoza: AC iliyonse imapanga madzi, ndipo imeneyi ndi ntchito yake, si kuwonongeka. Mu 1902, injiniya wa ku America, Willis Carrier, anakonza makina othandiza kampani ina yosindikiza mabuku ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Dandaulo la kampaniyo silinali thukuta la ogwira ntchito. Chinyezi cha mumpweya chinkafufumitsa ndi kukwinya mapepala, moti inki ya mitundu yosiyanasiyana sinkagwera pamalo pake. Makina a Carrier, omwe amatengedwa ngati kholo la AC ya masiku ano, anabadwira kuchotsa madzi mumpweya. Zoziziritsa anthu zinabwera pambuyo.

Mpaka lero mfundo yake sinasinthe. Taganizirani botolo la Fanta lochokera mufiriji masana a Novembala. Posakhalitsa limachita thukuta, si choncho? Madziwo sachokera m'botolo, amachokera mumpweya wofunda umene wakhudza galasi lozizira. Mu AC ya pakhoma muli timapaipi ta kopa tokutidwa ndi timalata topyapyala ta aluminiyamu, amisiri amati koyilo. Mpweya wa m'chipinda umakokedwa, umadutsa pamasefa, n'kukhudza koyilo yozizirayo. Pamenepo chinyezi chimasanduka madontho, madonthowo amagwera m'kathireyi kapansi, n'kutuluka kunja kudzera m'kapaipi. Ndi kaja mumakaona kakudontha kuseri kwa banki kapena ofesi. Tsiku la chinyezi chambiri, makina a chipinda chimodzi amatulutsa malita angapo.

Zonse zikamayenda bwino, madzi amabwera n'kupita. Vuto limayamba akabwera n'kukhala.

Nkhungu siifuna zambiri. Timbewu take tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, tili mumpweya nthawi zonse, panja ndi m'nyumba momwe, ndipo palibe mankhwala angatithetse. Timangodikira zinthu ziwiri: chinyontho ndi chakudya. Chakudya chake ndi fumbi, ulusi wa zovala ndi zofunda, tizidutswa ta khungu lathu, ndi utsi wa mafuta ophikira. Bungwe loona za chilengedwe la boma la America, EPA, limalangiza kuti chinthu chikanyowa m'nyumba chiumitsidwe pasanathe maola 24 mpaka 48, chifukwa kupitirira pamenepo nkhungu imayamba kumera. Tsopano ganizirani kathireyi kamene kakhala ndi madzi oima ndi matope a fumbi kwa miyezi itatu.

Nyengo yathu imaithandiza

Kalendala ya kwathu kuno imachita ngati inakonzedwera nkhungu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi fumbi lokhalokha, la misewu yadothi ndi utsi wa tchire lotenthedwa, ndipo AC ikuyamwa zonsezo. Novembala mpaka Epulo kumabwera mvula, mpweya umalemera ndi chinyezi, makina amapanga madzi ochuluka pamwamba pa fumbi lija. Meyi akafika kwazizira, timathimitsa, n'kuwasiya otsekeka ndi chinyontho chawo m'kati mpaka chilimwe chotsatira. Fungo la Okutobala lija ndi zokolola za miyezi yonseyi.

Onjezanipo kuthima kwa magetsi. Magetsi akathima makina ali pakati poziziritsa, koyilo imatsala yonyowa, fani yaima, palibe choiumitsa. Zikachitika kamodzi si nkhani, koma zikamachitika sabata ndi sabata, m'katimo simuuma n'komwe.

Pali zina zomwe timachita tokha. Chizolowezi choika rimoti pa madigiri 16, ati kuti kuzizire msanga, chimangochititsa makina kugwira ntchito nthawi yaitali osapuma. Mayunitsi a magetsi amapita, ndipo pakamwa pa makinawo pamazizira kwambiri moti chitseko chikangotsegulidwa, mpweya wofunda wolowa umasiya madontho patimapiko. Ku India, dziko lotentha kuposa kuno m'madera ambiri, boma linalamula kuti kuyambira mu Januwale 2020 ma AC atsopano a m'nyumba azigulitsidwa atayikidwa kale pa madigiri 24. Ngati 24 ikukwanira ku Delhi, ku Area 25 ingakanike bwanji?

China ndi kugula makina aakulu kuposa chipinda, poganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Makina a 24,000 BTU m'kachipinda koyenera 9,000 BTU amaziziritsa mwachangu n'kuima asanachotse chinyezi chokwanira mumpweya. Chipinda chimazizira inde, koma chimakhala chonyowa, ndipo nkhungu imasamukira m'wadirobu, kuseri kwa bedi ndi pa nsapato.

Chifuwa chanu chili pati?

Mwamvapo anthu akunena kuti iwo AC imawadwalitsa chimfine. Nthawi zina ndi mpweya wozizira ndi wouma umene umaumitsa mphuno ndi kukhosi. Koma nthawi zinanso ndi zimene mphepoyo yanyamula. Dziwani kuti AC ya pakhoma yomwe ili m'nyumba zambiri siilowetsa mpweya watsopano wochokera panja. Imangozunguliza womwewo wa m'chipinda. Ngati m'kati mwake muli nkhungu, mpweya womwewo ukudutsa pankhunguyo kambirimbiri usiku umodzi, mawindo ali chitsekere.

Mu 2009, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza chinyontho ndi nkhungu m'nyumba. Litaunika kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana, linapeza kuti anthu okhala m'nyumba zachinyontho kapena zankhungu amakhala pachiopsezo chokulirapo cha mavuto a kupuma, matenda a m'chifuwa, ndi kukula kwa mphumu. Zizindikiro zomwe anthu amakumana nazo kawirikawiri ndi kuyetsemula, mphuno kutsekeka, maso kuyabwa, kukhosi kukanda, kutsokomola, ndi chifuwa kulira popuma.

Si aliyense amadwala. Munthu wathanzi amapuma timbewu ta nkhungu tsiku lililonse thupi lake n'kuthana nato popanda iye kudziwa. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi odwala mphumu, ana aang'ono, okalamba, ndi omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, monga amene akulandira mankhwala a khansa kapena omwe ali ndi HIV koma sanayambe kumwa mankhwala mwandondomeko.

Palinso gulu lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri koma kuno kwathu ndi lalikulu: anthu amene anadwalapo TB n'kuchira. Mwa nkhungu zopezeka m'nyumba muli banja lotchedwa Aspergillus. Dzinali lingakhale lachilendo, koma ntchito zake alimi a ku Mchinji ndi Kasungu amazidziwa, poti mtundu wina wa m'banjali ndi umene umabweretsa poizoni wa aflatoxin mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Uwo umavulaza ukadyedwa. M'bale wake, Aspergillus fumigatus, amavulaza akapumidwa: amatha kukhazikika m'mabowo amene TB imasiya m'mapapo n'kuyambitsa matenda okhalitsa omwe zizindikiro zake zimafanana ndi TB yomweyo. Mu 2022, WHO inauika pagulu loyamba la mndandanda wake wa mafangasi oopsa kwa anthu.

Izi sizikutanthauza kuti kadontho kakuda kalikonse mu AC yanu ndi kameneka. Mtundu wa nkhungu sudziwika ndi maso, ndipo mavidiyo oopseza a pa TikTok onena za nkhungu yakuda asakusowetseni tulo. Mfundo ndi imodzi: kaya ndi yakuda, yobiriwira kapena yotuwa, m'chipinda chogona ilibe malo.

Njira yosavuta yodziwira ngati chipinda chikukukhudzani ndi kuonetsetsa nthawi yomwe zizindikiro zimabwera. Ngati mumadzuka mphuno zitatseka, masana kuntchito muli bwinobwino, mukapita kumudzi pa wikendi zonse zii, mukabwerako zayambiranso, chipindacho chikufunika kufufuzidwa. Koma chenjezo: chifuwa chopitirira masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kapena magazi m'makhololo, zimenezo musanamizire AC. Pitani kuchipatala akakuyezeni.

Tochi ya foni ndi yokwanira

Kufufuza sikulira ndalama. Thimitsani makina pa rimoti, kenako pa switchi ya pakhoma. Kwezani chivundikiro cha kutsogolo, muona masefa awiri, omwe ambiri timati mafyuluta. Ngati akuoneka ngati avala bulangeti lotuwa, mwapeza chakudya cha nkhungu. Kuseri kwake kuli koyilo: unikani muone ngati pakati pa timalata pali zakuda zomatirira.

Kenako pitani pomwe ambiri sayang'ana. Tsegulani pang'onopang'ono timapiko ta pansi pomwe pamatulukira mphepo, yatsani tochi ya foni, unikani m'kati. Muona chinthu chachitali chozungulira ngati chubu chokhala ndi timasamba tambirimbiri. Imeneyo ndiyo fani yeniyeni, amisiri amati bulowa. Ngati patimasamba ndi pakhoma la kuseri kwake pali timadontho takuda kapena zonga ubweya, musafunsenso komwe fungo likuchokera. Jambulani chithunzi, chidzakuthandizani kutsogoloku.

Pomaliza tulukani panja mukaone kapaipi ka madzi. Makina akagwira ntchito kwa ola limodzi tsiku la chinyezi, kayenera kumadontha. Ngati kali gwa, kouma, kapena ngati madzi akutsikira pakhoma m'kati mwa nyumba, njira yatsekeka penapake. Mavu omanga ndi dothi amakonda timabowo totere, mphemvu zimaferamo, ndipo utsi ndi fumbi zimapanga zoterera zomwe zimatseka paipi pang'onopang'ono. Nthawi zina kapaipiko kangopindika, kapena nsonga yake yamira m'ndowa imene wina anaika kuti azitungira madziwo. Kutunga si kulakwa, madziwo mungakolopere kapena kuthirira maluwa, kumwa ayi. Koma nsonga ya paipi ikhale pamwamba pa madzi, ndipo ndowa izikhuthulidwa tsiku lililonse, poti madzi oima amaswa udzudzu.

Fungo lililonse si nkhungu. La waya kapena pulasitiki wopserera ndi la magetsi: thimitsani pakhoma pompo, musayatsenso mpaka mmisiri aone. La chinthu chowola nthawi zambiri ndi nalimata kapena khoswe wofera m'kati.

Zomwe mungachite nokha

Mukapeza nkhungu yooneka, chinthu choyamba ndi kusiya kuyatsa makinawo mpaka atsukidwe. Kupirira kutentha masiku awiri ndi fani wamba kuli bwino kuposa kumwaza timbewu tija nyumba yonse.

Ngati muli ndi mphumu kapena chitetezo chanu n'chotsika, ntchitoyi si yanu, pemphani wina. Wotsukayo atsegule mawindo onse, avale masiki, makamaka ya mtundu wa N95 ngati ilipo, ndi magolovesi. Ana atuluke m'chipindamo. Magetsi akhale othimitsidwa pakhoma, osati pa rimoti pokha.

Masefa achotseni mosamala, osawakuntha m'nyumba. Katsukireni panja ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale. Madzi otentha amapinda pulasitiki, dzuwa la phwee nalonso chimodzimodzi, ndiye ayanikeni pamthunzi mpaka aumiretu. Kubwezera sefa yonyowa kuli ngati kuthirira munda umene mukufuna kuwononga. Timapiko, chivundikiro ndi pakamwa pa makina pukutani ndi kansalu koviika m'madzi a sopo n'kufinya bwino, kenako kansalu kouma. Kansalu kakudako katayeni kapena kachapeni pakokha.

Timalata ta koyilo musatigwire ndi zala kapena kutikanda ndi waya. N'takuthwa, timacheka, komanso tikapindika mphepo imalephera kudutsa. Mbali imene kuli mawaya, kawirikawiri kudzanja lamanja, madzi asafikeko.

Tsopano za malangizo a m'magulu a WhatsApp. Wina akuuzani Jik, wina viniga, wachitatu ati sakanizani zonse kuti zikhale zamphamvu. Chonde musayerekeze. Jik akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wa klorini umene umatentha maso ndi mapapo, ndipo m'chipinda chotseka ungakugoneketseni m'chipatala. Akakumana ndi mankhwala otsukira okhala ndi amoniya amatulutsanso mpweya wina wapoizoni. Ngakhale payekha, Jik amadya aluminiyamu ndi kopa, ndiye mukamupopera pakoyilo mukufupikitsa moyo wa makina odula.

Komanso kupha nkhungu si kuichotsa. Yakufa imayetsemulitsabe ndi kuputa mphumu. Iyenera kuchoka pamalopo, osati kungoyera mtundu. Pafyumu ndiye ayi ndithu: amangogonetsa mphuno, n'kusiya zomata pakoyilo zomwe zimagwira fumbi lina. Masipuleyi ambiri, kuphatikizapo ophera udzudzu, amayakanso moto, ndiye kuwapopera m'makina oyaka ndi kuputa ngozi dala.

Mmisiri akabwera, funsani

Ngati nkhungu yafika pa bulowa, pakoyilo kapena m'kathireyi, kansalu kanu sikafika. Apa ndi pofunika mmisiri wa mafiriji ndi ma AC. Koma pali kutsuka ndi kutsuka. Ena amabwera, kutsuka masefa omwe mukanatsuka nokha, kupopera zonunkhira, kulandira ndalama, n'kumapita. Pakatha sabata fungo labwerera.

Musanagwirizane mtengo, funsani kuti atsuka chiyani ndi chiyani. Ntchito yokwanira imafuna kuchotsa chivundikiro chonse, kuphimba mbali ya magetsi, kumangirira thumba lolandira madzi akuda, kutsuka koyilo ndi mankhwala ake opangidwira ntchitoyo, kutsuka bulowa ndi kathireyi, ndi kutsegula paipi ya madzi mpaka kunsonga. Akamaliza, apempheni athire madzi oyera m'kathireyi inu mutaima panja, muone ndi maso anu akutuluka. Unikaninso ndi tochi, yerekezani ndi chithunzi chija munajambula. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya ndi zimenezi.

Samalaninso ndi mawu akuti gasi watha. Gasi wa mu AC sali ngati wophikira amene amatha ndi kugwiritsa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka, pofunika kupeza n'kutseka. Kuwonjezera gasi sikuchotsa fungo la nkhungu ngakhale pang'ono. Mwaitana munthu chifukwa cha fungo iye n'kuyamba ndi nkhani ya gasi, funsani kawiri.

Kutsuka kotere kuzichitika kamodzi pachaka, ndipo nthawi yabwino ndi Seputembala, kutentha kusanafike pachimake, amisiri asanayambe kusowa. Okhala m'mbali mwa nyanja kapena mwa msewu wafumbi, kawiri si kuwononga ndalama.

M'nyumba zikuluzikulu ndi maofesi momwe mphepo imayenda m'mipope yobisika kudenga, nkhani ndi ina. Zokutira zofewa za m'mipopemo zikachita nkhungu sizitsukika, zimafunika kusinthidwa. Ndipo ngati nkhungu ili pakhoma kapena pasiling'i, EPA imati malo ochepera pafupifupi mita imodzi m'litali ndi m'lifupi munthu angathe kutsuka yekha, kupitirira apo n'kofunika odziwa. Koma dziwani kuti pamenepo gwero lingakhale denga lodontha kapena paipi yobooka m'khoma. Mungatsuke AC kakhumi, denga likamadonthabe nkhungu ibwerera.

Si nthawi zonse wolakwa ndi inu

Pali makina amene amachita nkhungu ngakhale mwini wake ndi waukhondo chotani, chifukwa cha mapangidwe kapena mamangidwe ake. Mu Juni 2025, kampani ya Midea inaitanitsa ma AC a pawindo pafupifupi 1.7 miliyoni ku America, a mtundu wa U ndi U+, kuti akonzedwe kapena eni ake abwezeredwe ndalama. Chifukwa chake chinali chomwechi: madzi ankatha kuima m'kati osatuluka msanga, nkhungu n'kumera. Ngati kampani yaikulu chonchi inavomereza kuti vuto ndi njira ya madzi, ife tizilimbikira pafyumu chifukwa chiyani?

Kuno kwathu vuto lofala ndi mamangidwe. Makina akapendekekera mbali yosiyana ndi komwe kuli paipi, madzi amatsalira m'kathireyi mpaka kalekale. Paipi ikakwera m'malo motsika, kapena ikakhala ndi mimba pakati, madzi amabwerera. Bowo lomwe mapaipi adutsira pakhoma likasiyidwa losatseka, mpweya wachinyezi ndi tizilombo zimalowera pomwepo. Mukatsuka bwino koma fungo n'kubwerera pasanathe mwezi, mmisiri aone mamangidwewo.

Apa ndi pomwe pamayambira mikangano ya lendi. Alandilodi amati makina anali bwinobwino, inu ndi amene simusamala. Wolendi amati ndinawapeza choncho. Onse amakana kulipira, ndipo pakati pa mkanganowo mwana akugonabe m'chipindamo. Njira yopewera ndi kuyamba msanga. Mukamaona nyumba, musangosangalala kuti ili ndi AC. Pemphani aiyatse, nunkhizani mphepo ya mphindi zoyambirira, unikani ndi tochi, jambulani. Gwirizanani, ndipo zilembedwe, kuti masefa ndi udindo wa wokhalamo, koma kutsuka kwa pachaka ndi kukonza mamangidwe n'kwa ndani. Vuto likabuka, tumizani uthenga wolemba wokhala ndi zithunzi, mwaulemu, m'malo mongoimba foni. Mawu a pakamwa amauluka, uthenga umakhala ndi deti.

Ku loji nakonso muli ndi ufulu. Mwalipira chipinda ku Cape Maclear kapena Senga Bay, AC ikununkha chuku, kupempha chipinda china si matama.

Kuumitsa kumaposa kutsuka

Mukatsuka, ntchito yotsala ndi kusalola madzi kugona m'makina. Batani lothandiza kwambiri pa rimoti ndi lomwe ambiri sitinalikhudzepo, lolembedwa Fan. Mukamaliza kuziziritsa, musathimitse nthawi yomweyo. Ikani pa Fan kwa theka la ola kapena ola, mphepo idutse pakoyilo popanda kuziziritsa, m'kati muume. Fani yokha imadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kuziziritsa. Makina ambiri atsopano ali ndi batani lochita zimenezi okha, ena analemba Self Clean, ena Auto Clean, ena X-Fan. Magetsi akathima makina ali pakati pa ntchito, akabwera ayatseni pa Fan ngakhale simukufuna kuzizira. Ndipo mu Meyi, musanawapumitse nyengo yachisanu, tsukani masefa n'kuwasiya pa Fan kwa maola angapo tsiku louma.

Masefa azitsukidwa masabata awiri aliwonse nthawi yomwe makina akugwira ntchito tsiku ndi tsiku, monga amanenera mabuku a malangizo a makampani ambiri. Ikani chikumbutso pafoni, monga muchitira ndi tsiku lothera bandulo. Phindu lake lili m'thumba momwe: unduna wa zamphamvu ku America umati kuchotsa sefa yotsekeka n'kuika yoyera kumachepetsa magetsi amene AC imadya ndi 5 mpaka 15 peresenti.

Rimoti ikhale pa 24 kapena 25. Masiku a mvula pomwe sikukutentha kwambiri koma thupi likumata, gwiritsani ntchito Dry m'malo mwa Cool. M'mawa, makina ali othima, tsegulani mawindo mpweya usinthe. Zovala zonyowa musayanike m'chipinda chotseka, ngakhale mvula ivute bwanji, poti madzi onse a m'zovalazo akathera mu AC ndi m'makoma. Amene angakwanitse, pali kachipangizo kakang'ono koyezera chinyezi m'nyumba. EPA imalangiza kuti chinyezi chikhale pansi pa 60 peresenti, ndipo pakati pa 30 ndi 50 ndiye pabwino.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wafuna mphepo yozizira wavomeranso madzi amene imabwera nawo, ndipo madziwo amafuna mwini wowayang'anira. AC si chithunzi chopachika pakhoma n'kuiwala. Chovuta n'chakuti wogwira rimoti nthawi zambiri si amene amavutika. Amavutika ndi khanda logona pansi pa makinawo, mng'ono wanu wa mphumu amene inhela yake ikutha msanga osadziwa chifukwa, kapena agogo amene abwera kudzachira kutauni n'kupatsidwa chipinda chabwino koposa m'nyumbamo. Iwowa sangakwere pampando kukaunika bulowa. Inu mungathe, tochi muli nayo m'manjamo, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi ziwiri.